Kabatani Kachinayi

1

"Ababa, ndayamba kuiwala mawu a amayi."

Mwana wanga woyamba, yemwe ndi namwino, ananena zimenezi Loweruka lina masana, atakhala pa mpando wa malemu amayi ake n'kumapinda nsalu ya patebulo imene inali yopindapinda kale. Panali patatha miyezi khumi ndi umodzi chiwaikireni m'manda. Mpingo wathu pamodzi ndi sukulu imene ankaphunzitsa anali atakonza mapemphero othokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo, ndipo kunatsala masabata atatu okha.

"Nkhope ndikuikumbuka, zithunzi zilipo," anapitiriza. "Koma ndikatsinzina kuti ndiwamve, kumangoti zii. Inu muli ndi makaseti a Lamulungu lililonse. Tipezereni nyimbo imodzi imene amayi akumveka bwino, tidzaiike pa tsikulo."

Ine ndine wokonza mawailesi, komanso mkulu wa mpingo. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala kumbuyo kwa tchalitchi ndikuyendetsa makina okuzira mawu, moti ngakhale ana oyamwa amanditchula kuti Amawaya. Mapemphero onse ndimawajambula pa kaseti kuti odwala akamvere kunyumba. Achinyamata amandiseka kuti makaseti anatha kalekale, ine ndimawayankha kuti nawonso adzatha. Pamwamba pa kabati ya zovala pali makatoni asanu ndi awiri, kaseti iliyonse yolembedwa tsiku lake.

"Imodzi yokha?" ndinafunsa.

"Imodzi yokha, ababa. Pa zaka zonsezo, n'chovuta?"

"N'chosavuta, mwana wanga."

Kwinakwake mumtima mwanga tambala analira.

2

Ndisanapitirire, ndikuuzeni za mkazi wanga, amene aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi.

Ndinawaona koyamba atalowa m'kashopu kanga ndi wailesi m'manja, choko chili m'zigongono. Ndinawakonzera, ndipo m'malo mothokoza anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mumapemphera kuti?"

"Panopa ndikanali kufufuza."

"Mwapeza. Lamulungu m'mawa, tchalitchi cha kuseri kwa sukulu. Ndipo malayawo muwachape."

Ndinawachapa. Patatha chaka tinadalitsa ukwati.

Anaphunzitsa kalasi yoyamba zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo kawiri konse anakana kukwezedwa kuti akhale mphunzitsi wamkulu. Ankati, "Ana olowa m'sukulu ndi mamina akufunika munthu pakhomo." M'chikwama chawo simunkapezeka zodzola. Munkakhala singano, ulusi, kachidutswa ka sopo, mipango itatu ndi kabudula wamng'ono wa mwana amene angachite ngozi m'kalasi. M'mawa uliwonse, akusesa m'nyumba, ankapempherera ana awo powatchula mmodzimmodzi, mpaka ine ndinaloweza mayina a ana amene sindinawaonepo ndi maso. Tebulo lathu linali la anthu anayi, koma nthawi zambiri linkadyetsa asanu ndi atatu, chifukwa mwana aliyense amene makolo ake achedwa kudzamutenga ankabwera naye kunyumba.

Pa zaka zonse za banja lathu sanandinyozepo pagulu ngakhale kamodzi. Anali ndi njira ina. Ndikapsa mtima ankaika dzanja pamutu panga n'kuyamba kupemphera mokweza: "Atate, muoneni mwamuna wanga uyu. Ndi munthu wabwino, koma mtima wake ndi wapachala. Dzulo anakalipira mwana popanda chifukwa. Masokosi amasiya pansi pa bedi. Mukudziwa Inu zinanso zimene ine sindinazione." Pofika pa Ameni ndinkakhala nditapepesa kale.

Koma chimene ankachikonda kuposa zonse chinali kwaya. Mvula, chimfine, kudwala mwendo, sankajomba. Popeza anali mmodzi mwa amene anaiyambitsa, anali ndi maikolofoni yawoyawo kumapeto kwa mzere, pafupi ndi zenera. Waya wake unkadutsa m'mbali mwa khoma n'kudzafika pa makina anga, pa kabatani kachinayi, kamene umakankhira m'mwamba kuti mawu akwere ndi kukokera pansi kuti atsike.

Pobwerera kunyumba Lamulungu lililonse ankandifunsa funso limodzimodzi.

"Bambo, lero ndamveka?"

"Mwaimba ndi mtima wonse, mayi."

"Si ine ayi, n'chisomo," ankatero, akumwetulira njira yonse.

3

Sabata loyamba ndinanena kuti wailesi ya kaseti ya kunyumba yawonongeka. Mwana wanga wachiwiri, mzime, amene amayendetsa galimoto ya katundu, anandiyang'ana modabwa.

"Ababa, wokonza mawailesi ndi ndani m'nyumba muno?"

"Sing'anga sadzichiza yekha."

Mawa lake anabwera ndi ina imene anakaifukula kwa mnzake.

Sabata lachiwiri ndinati mwina makoswe analowa m'makatoni. Namwino anakwera pa mpando, natsitsa katoni imodzi, naitsegula. Makaseti anali ndondondo m'timabokosi tawo, aukhondo kuposa mankhwala a kuchipatala kwawo.

"Makoswe akewa ndi aulemu," anatero.

Sabata lachitatu ndinakumana ndi mkulu wa kwaya pa khomo la tchalitchi. Timawatchula kuti Achimanja chifukwa akamaimbitsa amakupiza manja ngati akuthamangitsa njuchi. Anandikokera pambali.

"Amawaya, ndamva kuti mudzaika mawu a Aphunzitsi."

"Ndi zomwe ana akufuna."

"Mwawapeza?"

"Ndikufufuza."

Anatulutsa mpango n'kupukuta thukuta, chonsecho kunja kunali kozizira. "Fufuzani pang'onopang'ono, m'bale wanga. Zinthu zothamangira sizikhala bwino."

Sindinamvetse chimene chinawavuta, koma ndinali ndi katundu wangawanga.

Apa ndi pamene woyesa uja anandipeza. M'kwaya mwathu muli mayi wina wogulitsa nsalu amene mawu ake akamatuluka umachita kuona ngati zitseko za kumwamba zasiyidwa zosatseka. Ndinapeza kaseti ya zaka khumi ndi zisanu zapitazo imene mayiyo anaimba yekha ndime yonse. Ndinadziuza kuti nthawi imasintha makutu, ndipo chisoni chimakometsa zakale. Ndinaitana ana anga awiri, n'kuwakhazika pansi, n'kudina.

Mawu aja anadzaza m'nyumba. Ine ndinaweramitsa mutu ngati wogwidwa ndi chisoni, koma diso limodzi lili pa ana.

"Ababa," anatero namwino, ndime isanathe. "Awa ndi mayi ogulitsa nsalu aja."

"Ndipo ali moyo," anawonjezera mlongo wake. "Dzulo lomweli andikalipira chifukwa choimika galimoto pakhomo pa shopu yawo."

"Aa, ndasokoneza makaseti. Ukalamba."

Namwino anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira wodwala amene akulumbira kuti anamaliza mankhwala, botolo likulira m'thumba. Anangotola chikwama chake, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"Sindikufuna mawu okoma, ababa. Ndikufuna amayi."

4

Tsikulo linafika. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Kunabwera madalaivala, azamba, amakaniko, ogulitsa pamsika, ngakhale apolisi, onse anthu amene anagwiritsidwa pensulo koyamba ndi dzanja la mkazi wanga. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu analankhula, amayi a mpingo analankhula, ndipo aliyense anali ndi kabudula kapena mpango wake woukumbukira. Ine ndinali kumbuyo pa makina anga, ndikukweza uyu, kutsitsa uyu.

Kenako abusa anaimirira.

"Tsopano, okondedwa, tafika pa mphindi imene tonse taidikira. Mwamuna wa malemu watisungira chuma. Timve Aphunzitsi akuimbira Ambuye wawo."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Amayi ena anali atatulutsa kale mipango. Ana anga anali pa benchi yakutsogolo, atagwirana manja ngati ali aang'ono.

Ndinayang'ana makina. Ndinayang'ana khomo, limene linali pafupi kwambiri, ndipo ndivomere kuti ndinayesa mtunda wake ndi maso. Kenako ndinakumbukira kuti palibe chobisika chimene sichidzaululika, ndipo ndi bwino kuululira pansi pano kusiyana n'kukaululira pamaso pa angelo, mwini nkhani ali pomwepo. Ndinanyamuka n'kuyenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo. Aka kanali koyamba pa zaka makumi awiri ndi zitatu kuti ndigwire maikolofoni kuti ndilankhulepo china choposa mawu oyesera makina aja, "wani, thuu."

5

"Abale ndi alongo, mawu a mkazi wanga palibe pa kaseti iliyonse. Ndinawatseka ndine."

Amayi aja anatsitsa mipango yawo.

Owerenga anga, akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Mkazi wanga anali wokongola, nkhope ndi mtima womwe, choncho Mulungu anaona kuti nyimbo n'zosafunika. Aphunzitsi sankatha kuimba. Sindikunena za kuphonya pang'ono kumene timaphonya tonsefe. Kwaya ikamakwera, iwo ankatsika. Ikamatsika, iwo ankakhotera kumbali n'kukatulukira m'nyimbo ina. Ndipo zonsezi ankazichita ndi mphamvu ya munthu amene wazolowera kuitana mwana kuchokera kutsidya kwa bwalo la mpira. Nthawi zonse ndikamva za mzinda uja umene malinga ake anagwa chifukwa cha kufuula, sindinkavutika kukhulupirira. Kunyumba ndinkapirira, poti wokwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Koma iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ali ndi mphatso, ndipo panalibe munthu wolimba mtima wowauza zoona.

Ndinafotokozera mpingo zonse. Lamulungu loyamba titagula makina, ndinakweza kabatani kawo ngati ena onse. Sipika ya kumanzere inalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, makanda atatu anayamba kulira, ndipo nkhunda zimene zinkakhala m'denga zinasamuka osabwereranso. Ndinaona achinyamata akugwedezana mapewa, akubisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Lamulungu lotsatira ndinatsitsa pang'ono. Lina ndinatsitsanso. Pakutha pa mwezi kabatani kanali pansi penipeni, ndipo kanakhala pomwepo. Kujambula makaseti ndinayamba katatsika kale. Masipika ankamiza mawu awo ndi mawu a anzawo, ndipo pa kaseti pankalowa zokhazo zodutsa m'makina.

"Ndinkadziuza kuti ndikuwateteza kuti asasekedwe," ndinatero. "Koma lero ndikuvomera kuti ndinkatetezanso nkhope yanga."

Kenako ndinapitiriza.

"Lamulungu lawo lomaliza, inu mukukumbukira, anabwera atawonda, ochita kugwiriziza. Anakakamira kuima m'kwaya. Nditawaona mtima unandiluma, ndipo ndinati, Ambuye, lero amveke, aseke amene aseke. Ndinakankha kabatani kaja mpaka kumwamba. Sipanatuluke kanthu. Matenda anali atawalanda mawu. Ndinatsegula chitseko mwini nyumba atasamuka kale. Ana anga, ndikhululukireni."

6

Ndisanabwezere maikolofoni, ndinamva benchi ikulira. Achimanja anali ataimirira, mpango uli m'manja.

"Abusa, ndipatseni mpata. Sindingalole m'bale wangayu asenze yekha mtanda umenewu." Anatsokomola. "Si matenda ayi. Tsiku limenelo Aphunzitsi anaimba, ine ndinali pafupi, khutu ili ndi mboni. Koma maikolofoni imene ankagwira inali yakufa."

"Yakufa bwanji?" ndinafunsa. "Ndinagula ndine, inali yatsopano!"

"Yatsopanoyo ndinaipereka kwa mayi ogulitsa nsalu. Aphunzitsi ndinawapatsa ija inagwera m'ndowa tikukolopa. Papita zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndinkachita mantha Lamulungu lililonse kuti Amawaya atulukira. Ndinkadabwa kuti katswiri ngati ameneyu sakuona bwanji."

"Ndikanaona bwanji, poti sindinkakweza?"

Kumbuyo wina anaphulika ndi kuseka, kenako anadzigwira pakamwa. Abusa anakweza dzanja kuti bata libwerere, koma asanalankhule, mwana wanga namwino anaimirira, maso ali pansi.

"Ngakhale ikanakhala yamoyo, sikanamveka. Waya ndinadula ndine."

"Iwe?"

"Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Anzanga ankanditchula kuti mwana wa sipika, chifukwa cha nkhani ya nkhunda ija. Ndinatenga lumo la amayi losokera n'kudula kuseri kwa mphika wa maluwa, kenako ndinakulunga ndi tepi yanu yakuda kuti pasaoneke. Ndinkaganiza kuti ndine ndekha wochimwa m'banja mwathu." Anapukuta maso. "Ndinkayembekeza kuti pa makaseti akale, waya usanadulidwe, akhalapo."

Mlongo wake anatambasula manja. "Ine ndilibe mlandu, anthuni. Ine ndinkangokhala panja."

Abusa anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali, nawavalanso.

"Poti lero ndi tsiku loulula," anatero pang'onopang'ono, "nditangofika kumene pa mpingo uno, ndinakacheza kunyumba kwawo ndipo Aphunzitsi anandilandira ndi nyimbo. Nditamva kuti ali ndi maikolofoni yawoyawo, ndinasala kudya masiku awiri. Lamulungu litafika, ndinaona pakamwa pakuyenda koma m'masipika mulibe kanthu. Abale, ndakhala ndikuwerengera chimenechi pakati pa mapemphero anga oyankhidwa."

Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete. Amayi amene anatulutsa mipango kuti alire anaigwiritsa ntchito ndithu, koma pa misozi ya kuseka. Inenso ndinaseka, mpaka ndinaona nkhope ya mwana wanga namwino. Iye sankaseka. Anadikira kuti phokoso lithe, ndipo analankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

"Ndiye kuti apita nawo mawu awo. Zaka zonsezo ankaimbira ife, ife tonse titawatsekera. Sindidzawamvanso."

Mitu yonse inawerama. Ngakhale abusa anayang'ana nsapato zawo.

7

Chapakati pa tchalitchi panaimirira wapolisi wina wamkulu thupi, wa imvi m'mbali mwa mutu, chipewa chili m'khwapa.

"Pepani, akuluakulu. Kuno munali ndi makina. M'kalasi munalibe."

Anatembenukira anthu. "Amene munadutsa m'manja mwa Aphunzitsi, taimirirani."

Anaimirira oposa theka la tchalitchi, kuyambira a imvi mpaka atsikana a kusekondale.

"M'mawa uliwonse tisanayambe kuphunzira ankatiimbitsa nyimbo yothokoza Mulungu. Iwo ankaimba mzere, ife n'kubwereza ndendende, chifukwa ukasintha pang'ono ankati walakwitsa. Ine ndinadzazindikira ndili ndi ana kale kuti anthu ena amaiimba mosiyana. Anzanga, monga anatiphunzitsira. Osakonza kanthu."

Anaponda pansi katatu, ndipo anayamba.

Owerenga anga, sindinamvepo chinthu choipa chotero, ndipo sindinamvepo chinthu chokoma chotero. Anayambira pamwamba kwambiri, pamene munthu sayenera kuyambira. Pa mzere wachiwiri onse pamodzi anagwera m'dzenje limodzi, natulukamo akuthamanga ngati akuwathamangitsa agalu. Pamene nyimbo imafuna kupuma, iwo anapitirira. Pamene imafuna kupitirira, onse anaima n'kukonza kukhosi nthawi imodzi. Ndipo ndime yoyamba itatha, anthu akuluakulu mazana awiri, madalaivala, azamba ndi apolisi, anafuula ndi mawu amodzi:

"Iwe kumbuyoko, tsegula pakamwa!"

Kenako analowa ndime yachiwiri ngati palibe chachitika.

Achimanja anali atabisa nkhope m'manja. Kenako manja aja anakwera okha, nayamba kuimbitsa, akutsatira dzenje lililonse mokhulupirika. Mwana wanga namwino anandigwira mkono mwamphamvu, akuseka, misozi ili chuchuchu.

"Ndi amayi! Ababa, ndi amayi amenewo!"

Ndinathamangira kumbuyo, ine nkhalamba, ndikugunda mabenchi ndi mawondo. Kaseti inali ikuzungulira monga mwa nthawi zonse. Ndinakankha mabatani onse mpaka kumapeto, masipika analira, makanda analira, ndipo sindinatsitse ngakhale pang'ono.

Owerenga okondedwa, ndalemba izi ndi chilolezo cha ana anga, komanso cha Achimanja, amene apempha kuti nditchule kuti ndowa ija sanaike ndiwo. Sindikudziwa kuti m'nyumba mwanu muli ndani amene mumamutsitsa. Mwina ndi mkazi amene amaseka mokweza pa alendo, mwina ndi bambo amene amapemphera nthawi yaitali chakudya chikuzizira, mwina ndi mayi amene amakuimbirani foni n'kumabwereza nkhani yomweyo. Ife tinali atatu, aliyense akuganiza kuti akuchita chifundo, ndipo chifundo chathucho chinatsala pang'ono kumusiya mwana wanga wopanda amayi ake kachiwiri. Malembo amatiuza kuti tifuulire Ambuye mokondwera. Ndafufuza, sindinapeze pamene amati ofuulawo ayambe ayesedwa ndi mkulu wa kwaya.

Chimandiwawabe n'chakuti sindinawapepese ali moyo. Chimenecho ndidzapita nacho, ndipo ndikudziwa kuti tikadzakumana dzanja lija lidzafika pamutu panga, ndipo pempherolo lidzakhala lalitali. Koma ndikaganiza za kumene ali tsopano, pakati pa khamu lija loimba usana ndi usiku, mtima umakhala pansi. Kumeneko kulibe waya woti munthu adule, kulibe mwamuna wamanyazi wokhala kumbuyo. Angelo apirire.